Dothi lootcha limene limasefa mafunde a foni



Andipempha kuti ndilankhule za ntchito yanga. Ntchitoyo ndi yokonza sefa ya mafunde a wailesi, kachipangizo kamene ambiri mwa inu simunakaonepo, chikhalirecho mumakadalira nthawi iliyonse mukamaimba foni kapena kutumiza ndalama pa Mpamba ndi pa Airtel Money. Ndabwera nako kamodzi. Kayende m'mabenchimo, aliyense akagwire. Muona kuti ndi kanjerwa kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, kolemerako kuposa mmene maso akuuzirani, konyezimira chifukwa anakapaka siliva mbali zonse kupatula nkhope imodzi. Pankhope imeneyo pali timabowo titatu tondondozana. Mulibe waya, mulibe batire, mulibe choyenda chilichonse. Ndi dothi lootcha basi, seramiki, kungoti dothi lake ndi la mtundu wina ndipo moto wake ndi woopsa. Zina mwa zosakaniza za dothi limeneli zili m'boma lathu lomwe lino la Phalombe, m'phiri la Songwe, ndipo tifikako. Poyamba timve vuto limene kanjerwaka kamathetsa.

M'chipinda muno mwadzaza mafunde. Muli a MBC ndi a Zodiak, muli a TNM ndi a Airtel, muli a wailesi za apolisi, ndipo inu a kumalire mukudziwa kuti nthawi zina foni imakoka netiweki ya ku Mozambique popanda kuipempha. Mlongoti susankha, umatola zonse. Chimene chimasiyanitsa mafundewa ndi frequency, kutanthauza kuti fundelo likugunda kangati pa sekondi imodzi. MHz imodzi ndi kugunda kokwana miliyoni imodzi pa sekondi. Wailesi za FM zili pakati pa 88 ndi 108 MHz. Mafoni athu amayenda cha pa 900, 1800 ndi 2100 MHz, Wi-Fi cha pa 2400. Kuyambira pa 300 MHz kumapita m'mwamba ndi kumene timati microwave, ndipo mbale zoyera zija mumaziona pansanja za netiweki, zoyang'anizana ndi nsanja ina kutali, zimalankhulana pa mafunde okwera kuposa pamenepa. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndilo limagawira kampani iliyonse malo ake m'mafundemu. Koma chiphaso cha MACRA ndi pepala, ndipo funde silidziwa kuwerenga. Chimene chimaimitsa funde pamalire ndi sefa.

Sefa imene tikukamba lero ndi yolola gulu limodzi lokha la mafunde kudutsa, n'kutsekereza onse apansi pake ndi onse apamwamba pake. Amisiri amaitchula kuti bandpass filter. Kuti muone kulimba kwa ntchito yake, taganizani za nsanja ili pa Migowi apa. Pa bandi ya 1800, foni yanu imalankhula pakati pa 1710 ndi 1785 MHz, nsanja n'kumayankha pakati pa 1805 ndi 1880. Mpata wapakati ndi 20 MHz yokha. Nsanjayo imatulutsa mawati 20 kapena kuposa, komabe nthawi yomweyo, pa mlongoti womwewo, iyenera kumva foni ya mayi amene ali kuseri kwa Michesi, imene mphamvu yake ikamafika imakhala itachepa kwambiri. Mukagawa mphamvu yotuluka ndi mphamvu yaing'ono kwambiri imene nsanja ingamve, yankho lake ndi nambala yoposa 1 yotsatiridwa ndi maziro 14. Popanda sefa pakati, nsanja ingadzigonthetse yokha ndi mawu ake omwe.

Nanga dothi lingasankhe bwanji mafunde? Woimba bangwe amadziwa kuti nsambo iliyonse ili ndi liwu lake, yaitali kulira mwa besi, yaifupi kulira monyenya, ndipo mukakhudza nsambo imodzi, inzake yochunidwa mofanana imayamba kunjenjemera yokha pamene zina zonse zili chete. Kachingwe ka siliva kapena ka mkuwa kamachita chimodzimodzi ndi mafunde a magetsi. Funde likalowa limayenda mpaka kumapeto, n'kubwerera. Ngati kutalika kwa kachingweko kukugwirizana ndi kutalika kwa fundelo, lobwerera limakumana ndi lobwera n'kuwonjezerana mphamvu. Ngati sikukugwirizana, amafafanizana. Kachingwe kotere timakatcha resonator. Kakakhala kotseguka kuwiri konse kamafunika kutalika theka la funde. Kakalumikizidwa ku nthaka ya magetsi mbali imodzi, gawo limodzi la magawo anayi likwanira. Bowo lililonse la kanjerwa kaja, lopakidwa siliva m'kati, ndi resonator wa mtundu wachiwiriwu. Atatu aja amapatsirana mphamvu kudzera m'dothi lili pakati pawo, ndipo funde lokhalo limene onse atatu akuvomereza ndilo limatulukira mbali inayo.

Tsopano masamu pang'ono, ndipo a Folomu 3 musagone, pakuti ndi square root yomwe ija. Funde la wailesi limayenda makilomita 300,000 pa sekondi mumpweya. Pa 900 MHz kutalika kwake ndi masentimita 33. Gawo limodzi la magawo anayi ndi masentimita 8 n'kanthu. Ikani ma resonator otere asanu m'bokosi la chitsulo, mupeza chinthu chosalowa m'thumba la malaya. Koma funde likalowa m'chinthu chosadutsa magetsi monga galasi, pulasitiki kapena seramiki, limayenda pang'onopang'ono, ndipo limafupika. Kufupikako kumadalira nambala imene timaitcha permittivity. Mpweya uli ndi 1. Bolodi lobiriwira lija mumaliona kwa okonza mafoni ndi mawailesi pamsika, la FR4, lili ndi 4.4 kapena pafupi. Alumina, seramiki yoyera yochokera ku aluminiyamu, ili ndi 9.8. Pali maseramiki ena a 20, a 45, mpaka a 90. Funde limafupika ndi square root ya nambalayo. Square root ya 90 ndi pafupifupi 9.5, choncho masentimita 8 aja amasanduka mamilimita osakwana 9. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 foni inachoka m'galimoto n'kulowa m'thumba. Panali zifukwa zinanso, monga mabatire abwino ndi matchipi ang'onoang'ono, koma timanjerwa totere tinali m'gulu la zazikulu.

Pano mwana wochenjera afunsa kuti, bwanji osangofuna dothi la 1000, sefa n'kukhala ngati kambewu ka mchenga? Maseramiki a nambala zotero alipo, amapangira ma capacitor. Koma pa sefa sagwira ntchito, ndipo chifukwa chake ndicho mtima wa ntchito yathu yonse. Wokonza sefa amakhala pa malonda a kutsitsana. Chilichonse chimene wapeza, walipira ndi china.

Malipiro oyamba ndi kutayika kwa mphamvu. Resonator aliyense amadya pang'ono mphamvu imene ikudutsamo n'kuisandutsa kutentha, ina m'dothi, ina m'chitsulo. Ubwino wake timauyeza ndi nambala ya Q. Ikakwera ndiye kuti akudya pang'ono. Ndiye onani nkhanza yake: mukamapanikiza funde m'malo aang'ono, magetsi amadzazana pa kachitsulo kakang'ono, Q n'kutsika. Bokosi lalikulu la chitsulo lingakhale ndi Q ya masauzande. Kachingwe kojambulidwa pa alumina kamakhala ndi 200 kapena 300. Pa FR4 sikafika n'komwe pa 50. Seymour Cohn, katswiri wa ku America, anatisiyira kachiwerengero kosavuta koyezera kutayikaku. Sefa ya ma resonator atatu a Q ya 200, yotsegula khomo lokwana 5 peresenti ya frequency yake, imataya pafupifupi 1.7 dB. Khomo lomwelo mukalichepetsa kufika pa 2 peresenti, imataya kuposa 4 dB. Dziwani kuti 3 dB ndi theka la mphamvu. Pa nsanja ya kumudzi yoyendera dizilo ndi sola, theka limenelo ndi mafuta ogulidwa ndi ndalama zakunja akungotenthetsa bokosi. Kumbali yolandira, ndi mudzi wathunthu wa kumapeto kwa netiweki umene anthu ake ayambe kukwera pachulu kuti aimbe foni.

Malipiro achiwiri ndi kuchepa kwa zojambula. Pa bolodi la alumina lochindikala mamilimita 0.635, kachingwe ka 50 ohm, muyezo umene zipangizo zonse za wailesi zimagwirizanirapo, kamakhala kotambalala pafupifupi mamilimita 0.6. Diso limakaona. Pa seramiki ya 80 yochindikala chimodzimodzi, kachingwe komweko kamafunika kutambalala mamilimita 0.02, kuonda kuposa tsitsi. Kulakwitsa pang'ono pojambula kumene pa alumina sikukanaoneka, apa kwaononga sefa yonse. Ndipo dothilo nalo silifanana mphika ndi mphika. Permittivity ikasiyana ndi 2 peresenti, frequency imasuntha ndi 1 peresenti. Pa 1800 MHz imeneyo ndi 18 MHz, pamene mpata wathu uja unali 20.

Malipiro achitatu ndi amene anachedwetsa ntchitoyi zaka makumi atatu, ndipo inu a kuno muwamva bwino: kutentha. M'chaka cha 1939, R. D. Richtmyer wa ku Stanford anasonyeza ndi masamu kuti chinthu chosadutsa magetsi chingakhale resonator pachokha. Zinangokhala papepala. M'zaka za m'ma 1960 anthu anayesa ndi titanium dioxide, imene permittivity yake ndi pafupifupi 100 ndipo sidya mphamvu yambiri. Cohn yemwe uja anapanga nayo sefa, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1968. Inkagwira ntchito bwino m'chipinda choyezera. Koma frequency yake inkasuntha ndi magawo 450 pa miliyoni pa digiri iliyonse ya kutentha. Nambalayi ikuoneka yaing'ono mpaka mutaichulukitsa. Tengani kusiyana kwa madigiri 20, kumene kuno n'kosasowa pakati pa m'mawa wa chiperoni mu Juni ndi masana a Okutobala kuchigwa cha Chilwa, osanena za bokosi lachitsulo limene lakhala padzuwa tsiku lonse. Pa 1800 MHz, sefa yasuntha ndi 16 MHz. M'mawa ikutsegulira kampani ina, masana ikutsegulira ina.

Njira yake inapezeka m'zaka za m'ma 1970, ku Raytheon ndi ku Bell Laboratories ku America, ndi ku Murata ku Japan. Maseramiki ena kutentha kumakweza frequency yawo, ena kumatsitsa. Mukasakaniza awiri otsutsana pa muyezo woyenera, kusunthako kumafafanizika. Magnesium titanate imatsika pang'ono, calcium titanate imakwera kwambiri. Magawo 95 a yoyamba ndi 5 a yachiwiri amapereka seramiki ya permittivity pafupifupi 21 yosatekeseka ndi nyengo. Calcium titanate yomweyo, magawo 70, mukaisakaniza ndi magawo 30 a neodymium aluminate, mupeza seramiki ya 45 imene yagwira ntchito m'nsanja zambiri za mafoni padziko. Ndipo ya 80 mpaka 90 ija, imene inachepetsa foni, ndi ya barium, titanium ndi neodymium.

Mwamva dzina limene ndalitchula kawiri. Neodymium ndi imodzi mwa miyala imene kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza m'phiri la Songwe kwa zaka zoposa khumi, pamodzi ndi praseodymium, lanthanum, cerium ndi anzake amene amatchedwa rare earths. Phirilo ndi la mwala wa carbonatite, wotuluka pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mbale wake wa Tundulu kuno konkuno ndi Kangankunde ku Balaka. Kampaniyo inamaliza kafukufuku wake wamkulu mu 2022, ndipo mu Julayi 2024 inasainirana ndi boma mgwirizano wa mgodi. Kwezaninso maso ku Mulanje. Pamwamba pa Lichenya pali bauxite, mwala wotulutsa alumina, wodziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ndipo sunakumbidwebe. Mumchenga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa muli ilmenite, wa titanium, ndipo ku Kasiya ku Lilongwe kwapezeka rutile yochuluka, imene ndi titanium dioxide yomwe ija inavutitsa Cohn. Munthu woimirira pa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, wazunguliridwa ndi pafupifupi zonse zopangira kanjerwa kamene kali m'manja mwanuko.

Pano ndisamale, chifukwa nkhani za migodi zimaledzeretsa msanga. Neodymium yambiri padziko imapita ku maginito a magalimoto amagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Yopita ku masefa ndi yochepa, ndipo palibe amene angatsegule mgodi chifukwa cha masefa okha. Chachiwiri, chimene chidzachoke pa Songwe malinga ndi mapulani si neodymium yoyera koma ufa wosakanizika wa miyala yonseyo pamodzi. Kuilekanitsa ndi ntchito ina yovuta, chifukwa miyalayi imafanana khalidwe kwambiri. Pakati pa 85 ndi 90 peresenti ya ntchito yolekanitsayi padziko lonse imachitikira ku China, ndipo fakitale imene Mkango ikulinga kumanga ili ku Puławy, ku Poland. Ufa woyera ukatuluka kumeneko upita kwa opanga seramiki, kenako kwa okonza masefa, kenako kwa opanga nsanja, kenako ubwerere kuno pa sitima ndi pa thiraki, tiugule ndi madola. Pa sitepe iliyonse mtengo ukukwera, ndipo chimene chikukweza mtengowo si kulemera kwa katundu. Kanjerwa kaja dothi lake silikwana magalamu angapo. Chimene mumalipira ndi mutu wa munthu amene anadziwa kuti bowo likhale pati.

Ndiye tione mmene munthuyo amagwirira ntchito. Nditenga mtundu wosavuta kuuona, wojambulidwa pamwamba pa bolodi la seramiki, pansi pake ponse pali chitsulo. Timautcha microstrip.

Amayamba ndi zofuna za mwini ntchito: pakati pa khomo pakhale pa frequency yanji, khomo litambalale bwanji, kutayika kusapose madB angati, ndipo woyandikana naye amene akuvutitsa atsitsidwe ndi madB angati. Kuchokera pamenepo amadziwa chiwerengero cha ma resonator. Ochuluka amatseka m'mbali mwamphamvu koma amadya mphamvu ndi malo. Amasankhanso maonekedwe a khomo. La Butterworth, injiniya wa ku Britain amene analemba za izi mu 1930, ndi losalala pakati koma m'mbali limatsika mwaulesi. La Chebyshev, lotengera masamu a katswiri wa ku Russia wa zaka za m'ma 1800, limalola timabampu pang'ono pakati kuti m'mbali mutsike mwamsanga. Manambala ake ali m'matebulo, ndipo buku la Matthaei, Young ndi Jones la 1964 likadali patebulo la amisiri ambiri mpaka lero.

Tiyerekeze kuti tikufuna sefa ya pa 2400 MHz, khomo la 5 peresenti, ma resonator atatu, pa alumina. Mumpweya theka la funde ndi mamilimita 62.5. Pa microstrip gawo lina la funde limayenda m'dothi, lina mumpweya wa pamwamba, choncho nambala yogwira ntchito si 9.8 koma pafupifupi 6.6. Square root yake ndi 2.57. Resonator wathu atalika mamilimita 24. Tsono funso lenileni ndi lakuti atalikirane bwanji. Mukaika awiri ofanana moyandikana, sakhalanso ndi frequency imodzi. Imagawika pawiri, ina pansi pang'ono, ina pamwamba pang'ono. Akayandikana kwambiri, kugawikako kumakula. Tebulo la Butterworth likutiuza kuti pa sefa yathuyi kugwirana kwawo kukhale 0.035, kutanthauza kuti nsonga ziwirizo zitalikirane pafupifupi 85 MHz. Ndiye umakhala pa kompyuta, n'kumasuntha mpata pang'onopang'ono, mamilimita 0.3, 0.4, 0.5, n'kumalemba kugawika kwa mpata uliwonse mpaka utapeza 85. Ntchito yosasangalatsa, koma ndi pomwe sefa imabadwira.

Kuchepetsa kukula ndiye mpikisano umene wakhalapo kuyambira kale. Mu 1958 Cohn anandanda tizingwe towongoka, kena kupitirira kanzake ndi theka, sefa n'kukhala yaitali. George Matthaei mu 1962 ndi 1963 anaimika tizingwe tofupika ndi theka moyandikana, tolumikizidwa ku nthaka mbali imodzi; pa alumina zimenezi zimafuna kuboola ndi laser, chifukwa seramiki yootcha kale sibooleka ndi chiboolero wamba. Mu 1972 Cristal ndi Frankel anangopinda kachingwe pakati kukhala ngati chilembo cha U, mamilimita 24 aja n'kukhala miyendo iwiri ya pafupifupi 12, popanda kuboola. Cha m'ma 1980 Makimoto ndi Yamashita a ku Matsushita ku Japan anapanga kachingwe konenepa kumapeto, koonda pakati. Ine nzeru imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imapha mavuto awiri. Kachingweko kamafupika, komanso kamathetsa chinyengo china cha ma resonator: wa theka la funde amene wachunidwa pa 900 MHz amavomerezanso pa 1800, kawiri kake ndendende, pomwe pali bandi ina ya mafoni. Kunenepetsa kumapeto kumakankhira khomo lachiwirilo kutali. M'zaka za m'ma 1990 Jia-Sheng Hong ndi Michael Lancaster ku Birmingham anapinda tizingwe kukhala timabwalo ta ngodya zinayi tosatsekeka, n'kutiika mwakuti woyamba agwiranenso ndi womaliza. Funde likatero limakhala ndi njira ziwiri, ndipo pa frequency imene wasankha njira ziwirizo zimafafanizana kotheratu. Dzenje limenelo umaliika pomwe pali mdani wako wamkulu.

Ena anati, bwanji tikungojambula pamwamba? Ndi mmene inabwerera njira yotchedwa LTCC. Dothi losakaniza ndi galasi limapangidwa kukhala timapepala tofewa. Pepala lililonse amaliboola, amalijambula ndi phala la siliva, n'kusanjikiza khumi kapena makumi awiri, kupsinja, n'kuotcha zonse pamodzi. Galasi lija ndi lotsitsa moto wofunika kuti ukhale cha pa madigiri 850 mpaka 900, chifukwa siliva amasungunuka pa 961. Sefa yonse imakwiririka m'kati mwa kachidutswa ka mamilimita awiri. M'foni zanu za lero, masefa ambiri a mabandi oyandikana kwambiri ndi a mtundu wina wogwiritsa ntchito kunjenjemera kwa kristalo, SAW ndi BAW, koma LTCC ilimo, ndipo m'nsanja za 5G zokhala ndi milongoti 32 kapena 64 m'bokosi limodzi, uliwonse wofuna sefa yakeyake, timanjerwa ta seramiki tabwereranso mwamphamvu chifukwa mabokosi achitsulo angalemeretse nsanja.

Agogo oumba mbiya amene ali muno andimva bwino pa gawo lotsatirali kuposa ana asukulu. Mbiya simaliza ndi msinkhu umene inaumbidwa nawo. Ikauma ndi kupsa imabwerera. LTCC imabwerera ndi 12 mpaka 16 peresenti malinga ndi mtundu wake, choncho umajambula mokuza dala, ndipo ng'anjo ikatentha mosiyana mbali ina, masefa a mbali imeneyo atuluka pa frequency ina. Mtsuko wabwino uli ndi timaenje tosaoneka timene madzi amachuchira pang'ono n'kuziziritsa a m'kati. Kwa ife timaenje timeneto ndi adani: timatsitsa permittivity, timamwa chinyezi, chinyezi n'kumadya mphamvu ya funde. Kufiira kwa mbiya yootcha ndi chitsulo chili m'dothi, ndipo chitsulo chotere ngakhale chochepa chimagwetsa Q. N'chifukwa chake alumina wa ntchitoyi amayeretsedwa kufika pa 99.6 peresenti, ndipo pamene mbiya imapsa ndi moto wa nkhuni wosapitirira madigiri 900, maseramiki a neodymium aja amafuna 1300 kapena kuposa, kwa maola angapo, moto wosasinthasintha. Magetsi akazima pakati, zonse za m'ng'anjomo zatayika. Amene akulota fakitale yotere m'dziko muno ayambe walota za magetsi.

Sefa ikatuluka pamoto imayezedwa ndi makina otchedwa vector network analyser, amene amajambula khomo lonse pagalasi. Kawirikawiri sikhala pamalo pake penipeni. Mmisiri amatenga kachopalira kamagetsi kokhala ndi nsonga ya dayamondi, maso ali pagalasi, n'kupala siliva pang'ono pafupi ndi bowo loyamba. Mzere umasuntha. Amapala lachiwiri, bampu la pakati n'kutsika. Akapitiriza muyezo, kanjerwako n'kotaya, chifukwa siliva wopala sabwezeretseka. Mukayang'anitsitsa kamene kakuyendako muona timikwingwirima pankhope pake. Si kuonongeka, ndi dzanja la amene anakachuna.

Tsono mwa zonsezi, n'ziti zimene mwana wa ku Chiringa kapena kwa Nkhulambe angazifikire? Ng'anjo yootchera masefa otere tilibe, ndipo sindikuona kuti tikhala nayo posachedwa. Koma kuwerengera, kujambula ndi kuyesa pa kompyuta, kumene kuli gawo lalikulu la ntchito, kumafuna laputopu ndi masamu. Mapulogalamu ena monga Qucs ndi openEMS ndi aulere. Makampani ambiri okonza masefa alibe ng'anjo yawo. Amatumiza chojambula pa intaneti, opanga n'kuwatumizira katundu. Ndipo pali ntchito ya kuno imene wa ku Japan sadzaiganizira: sefa yotchinga wailesi yamphamvu imene ikusokoneza kachipangizo koyezera madzi a mtsinje wa Phalombe, kapena yotchinjiriza intaneti ya sukulu ya kumudzi. Si maloto. Mu 2013 a Dr Chomora Mikeka a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste, anafikitsa intaneti kusukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba podzera m'mipata ya mafunde a wailesi ya kanema imene inali kungokhala. Ntchito yotero imaima pa kusefa bwino, pakuti ukungodutsa m'mphepete mwa munda wa mwini wake. Maphunziro ake alipo ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Ndipo mafumu athu, pamene mudzakhala pansi ndi a mgodi kukambirana za mijigo, misewu ndi midadada ya sukulu, zonsezo n'zofunika, koma ine ndikanapemphanso labotale imodzi yokhala ndi zipangizo zoyezera, ndi ana angapo olipiriridwa maphunziro a sayansi ya miyala ndi ya mafunde.

Aphunzitsi a Physics, sefa yoyamba mungaipange ndi ana anu chaka chino chomwe. Musayambe ndi seramiki. Pezani bolodi la FR4 la mkuwa mbali zonse ziwiri, lochindikala mamilimita 1.6, mankhwala a ferric chloride osungunulira mkuwa, ndi kachipangizo koyezera ka NanoVNA, kamene mtengo wake sufika pa wa foni yabwino. Chunani pa 900 MHz, khomo la 10 peresenti. Kachingwe ka 50 ohm katambalale mamilimita 3. Theka la funde likhala pafupifupi mamilimita 92, ndiye mupinde zilembo zitatu za U za miyendo ya mamilimita 45 kapena kuposerapo pang'ono. Mujambule motalikitsa dala, chifukwa kudula mkuwa ndi lezala kumakweza frequency ndipo n'kosavuta, pamene kuwonjezera n'kovuta. Mupeza kuti mphamvu yoposa theka ikutayika m'bolodimo. Musadandaule, uzani ana awerengere okha Q yake kuchokera pa kutayikako, kenako awerengerenso sefa yomweyo pa alumina ndi pa seramiki ya 45, aone kukula kwake ndi kuonda kwa tizingwe take. Amene kachipangizo kawo kamafika pa 1800 MHz ayang'anenso kumeneko, apeza khomo lachiwiri lija lili chitsegukire.

Amene ali ndi mafunso aimike mkono, tiyambire kumbuyoko.